Luwiza Amanga Makina Osankha Mtedza

Luwiza ankakhala ku Chiosya, m'boma la Mchinji. Anali mu Sitandade 3. Anali ndi kandowa kodzaza ndi tinjerwa toseweretsa. Luwiza ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti tinjerwa take tisachoke pakhomo.

Tinjerwato tinali ta pulasitiki. Tina tinali tofiira. Tina tinali tachikasu. Tina tinali tobiriwira. Kanjerwa kalikonse kanali ndi timitu pamwamba. Kanalinso ndi timaenje pansi. Ukaika kena pamwamba pa kanzake n'kukanikiza, timagwirana. Timalira kuti kha! Mukandowamo munalinso timatayala, tindodo ndi timawilo.

Amene anabweretsa tinjerwato ndi malume ake, a Pius. A Pius ankayendetsa thiraki. Ankadutsa pa boda ya Mchinji kupita ku Chipata. Tinjerwato anatipeza pa kaunjika kumeneko.

Luwiza anamanga thiraki yonga ya malume ake. Anamanga chigayo. Anamanga tchalitchi cha mawindo asanu. Anamanganso geti ya pa boda, yokwera ndi kutsika. M'mawa asanapite kusukulu, kha! Masana akaweruka, kha! Dzuwa likamalowa, kha, kha!

Koma Luwiza anali ndi vuto. Kumanga ankakudziwa, kutolera ayi. Tinjerwa tinali pakhonde. Tinjerwa tinali pamphasa. Kena kanapezeka mu nsapato ya amayi. Kena kanapezeka m'dengu la nyemba. Amayi anadandaula mpaka anatopa.

Lachitatu m'mawa, bambo ake a Luwiza anatuluka m'nyumba. Dzina lawo linali a Enoki. Anali asanavale nsapato. Anaponda kanjerwa kofiira ndi chidendene.

Inu, kanjerwa n'kakang'ono, koma kamabaya kuposa minga. Bambo wamkulu, mlimi wa mtedza wodziwika m'mudzi monse, anadumpha ndi mwendo umodzi. Anadumpha kuchoka pakhonde mpaka pankhokwe. Nkhuku zinabalalika. Amayi anabisa kuseka kwawo ndi chitenje.

Bambo anakhala pansi. Anasisita chidendene chawo. Kenako anaitana Luwiza. Luwiza anabwera n'kugwada.

"Luwiza, pakhomo pano chilichonse chili ndi ntchito," anatero bambo. "Khasu limalima. Njinga imanyamula katundu. Nkhuku imaikira mazira. Nanga tinjerwa takoti timagwira ntchito yanji?"

Luwiza anangoyang'ana pansi.

"Loweruka malume ako akubwera," anatero bambo. "Ngati tinjerwati tilibe ntchito, abwerera nato."

Luwiza anawerenga masiku ndi zala. Lachitatu. Lachinayi. Lachisanu. Masiku atatu okha basi. Mtima unamuwawa kwambiri. Kusukulu tsiku limenelo sanamve chilichonse chimene aphunzitsi ananena.

Ataweruka, anathamangira kunyumba. Anatenga thiraki yake ya tinjerwa. Anaimangirira chingwe kutsogolo. Anaika kapu ya thobwa pamwamba. Anaganiza kuti thirakiyo iziperekera thobwa kwa bambo. Imeneyotu ndi ntchito.

Bambo anali pansi pa mtengo wa mango. Luwiza anakoka chingwe. Thiraki inayenda. Inayenda, inayenda. Kenako tayala linagunda kamwala. Kapu inagwa. Thobwa lonse linatayikira m'dothi.

Bambo anayang'ana thobwa lawo. Anati nyerere zokha ndizo zathokoza. Luwiza anatola kapu n'kupita kukaitsuka.

Lachinayi, Luwiza anakhala pakhonde ndi amayi. Kunali kotentha. Nyengo ya mvula inali pafupi. Amayi ankasankha mtedza wa mbewu. Mtedzawo anali atausenda sabata yatha.

Amayi anali ndi lichero pamiyendo. Kumanja kunali beseni. Kumanzere kunali mbale. Njere zonenepa ankaponya m'beseni. Zimenezo zinali zokadzala kumunda. Njere zofota ankaponya m'mbale. Zimenezo zinali za nsinjiro.

Njere imodzi, m'beseni. Njere imodzi, m'mbale. Njere imodzi, m'beseni. Ntchito yake yosatha! Amayi anati msana ukuwawa. Anati maso nawonso atopa. Ndipo ndowa yathunthu inali ikudikira.

Luwiza anali atamanga kakhola ka mbuzi. Kakholako kanali ndi mipata pakati pa tinjerwa. Amayi anaponya njere, koma anaphonya mbale. Njereyo inagwera pa kakhola. Inali yofota. Inalowa pampata n'kugwa pansi.

Luwiza anatola njere ina, yonenepa. Anaiika pampata womwewo. Sinalowe. Inangokhala pamwamba.

Anayesanso. Yofota inalowa. Yonenepa inakana. Anayesanso kachitatu. Yofota inalowa. Yonenepa inakana.

Luwiza anapeza nzeru. Sanauze munthu. Anaphwasula kakhola. Anaphwasula tchalitchi. Anaphwasula chigayo. Ngakhale thiraki ya malume anaiphwasula. Ankafuna tinjerwa tonse.

Anamanga kanjira kotsetsereka. Kumtunda kunali kokwera. Kumunsi kunali kotsika. Pansi pa kanjirako anasiya mipata yaitali. Kha! Kha! Kha!

Anapempha mtedza wodzaza dzanja kwa amayi. Anauthira kumtunda. Njere zonse zinagwera m'mipata. Zonenepa zinagwa. Zofota zinagwa. Mipata inali yaikulu kwambiri.

Luwiza anasendeza tinjerwa. Anathiranso mtedza. Ulendo uno palibe njere inagwa. Zonenepa zinadutsa. Zofota zinadutsanso. Mipata inali yaing'ono kwambiri.

Luwiza anakanda m'mutu. Anakhuthula kandowa pamphasa. Pansi penipeni panali tinjerwa topyapyala. Masiku onse ankatinyoza kuti n'topanda ntchito. Lero anatitola tonse. Anachotsa tinjerwa tokhuthala. Anaika topyapyala, kamodzikamodzi. Ankayesa mpata uliwonse ndi njere yofota. Ankayesanso ndi njere yonenepa. Mipata inakhala bwinobwino.

Koma panali vuto lina. Mtedza sunkayenda wokha. Unkaima pakati pa kanjira. Luwiza akagwedeza ndi dzanja, unkayenda. Akasiya, unkaima.

Luwiza anakumbukira chigayo cha pamsika. Chija chimanjenjemera chikamagaya. Makina ake nawo anafunika kunjenjemera.

Anatenga kawilo. Anakalowetsa pa kandodo. Kumapeto kwa kandodo anamanga chopukusira. Pa kawilo anamangapo kanjerwa kamodzi kotulukira kunja. Akapukusa, kanjerwako kankagunda kanjira pansi. Gu! Akapukusanso, gu!

Kanjira kanadumpha n'kugwera kumbali. Luwiza anapita kuseri kwa nyumba. Anapeza chubu chakale cha njinga ya bambo. Amayi anamudulira kamphira kakang'ono. Luwiza anamanga kanjira ndi kamphirako. Tsopano kankadumpha n'kubwerera pamalo pake.

Anaika mbale pansi pa mipata. Anaika beseni kumunsi. Anathira mtedza kumtunda. Anapukusa. Gu, gu, gu! Njere zofota zinagwera m'mbale. Njere zonenepa zinagubuduka mpaka m'beseni.

Makina anagwira ntchito! Luwiza anavina yekha pakhonde. Amayi anasiya lichero n'kumayang'ana. Anati zoterezi sanazionepo chibadwire.

Bambo anali kumunda, kukonza mizere. Anabwera atatopa, fumbi lokhalokha. Luwiza anawauza za makina ake. Bambo anati aona mawa, iye akaweruka kusukulu.

Lachisanu linafika. Luwiza anaweruka n'kuthamanga njira yonse. Bambo anakhala pampando. Anapinda manja. Amayi anabweretsa mtedza m'lichero. Unali mtedza wina, umene anasenda m'mawa womwewo.

Luwiza anathira mtedza kumtunda. Anapukusa. Gu, gu, gu! Mtedza sunayende.

Anapukusanso. Gu, gu, gu! Njere zinamatirana. Zina zinatseka mipata. M'mbale simunagwe kanthu. M'beseni simunagwe kanthu.

Luwiza anachita mantha. Anapukusa mwamphamvu. Anapukusa mwamphamvu kwambiri. Chopukusira chinazuka. Kanjira kanasweka pakati. Tinjerwa tinamwazika. Mtedza unamwazika.

Bambo sanaseke. Sanakalipenso. Anaimirira pang'onopang'ono.

"Wayesetsa, mwana wanga," anatero. "Koma mawa ndi Loweruka."

Luwiza anapita kuseri kwa nkhokwe. Analira. Analira mpaka mamina. Anali ndi chisoni, komanso anali ndi manyazi. Dzulo makina anagwira ntchito. Lero, pamaso pa bambo, akana. Chifukwa chiyani?

Misozi itauma, anabwerera pakhonde. Anayamba kutola mtedza umene unamwazika. Anatola njere imodzi. Inali yozizira. Anatola ina. Khungu lake linamatirira pachala.

Luwiza anapisa m'thumba la yunifolomu. Munali njere ziwiri za dzulo. Zinali zouma gwa. Anaika njere ya dzulo pa kanjerwa kosalala. Inagubuduka. Anaika njere ya lero. Inangokhala pomwepo.

Anathamangira kukhitchini. Anafunsa amayi chifukwa chake mtedza wa lero unali wonyowa.

Amayi anamuonetsa zala zawo zazikulu. Zinali zotupa. Anati makoko a mtedza ndi olimba. Ukasenda ambiri, zala zimawawa. Ndiye m'mawa anawaza madzi pamtedzawo kuti makoko afewe. Anati anthu ambiri m'mudzimo amachita choncho. Makoko anafewadi, koma njere nazo zinanyowa.

"Amayi, makina anga sanalakwe," anatero Luwiza. "Mtedzawu ukufuna dzuwa."

Amayi anagwira njere n'kuifinya. Anavomera kuti mwanayo akunena zoona. Anati ngakhale alangizi a zaulimi amaletsa kunyowetsa mtedza, poti umachita chuku. Koma dzuwa linali litapendeka kale. Mtedza sukanauma tsiku limenelo.

Luwiza anatolera tinjerwa tonse. Sanasiye ngakhale kamodzi pansi. Anamanganso kanjira. Anamanganso kawilo. Chopukusira anachimanga ndi tinjerwa tiwiri, kuti chisazukenso. Kha! Kha! Kha! Anamaliza kusanade.

Loweruka, Luwiza anadzuka m'mamawa. Anayala mphasa pabwalo. Anayanika mtedza wonse wonyowa. Anaumwaza bwino kuti njere zisaunjikane. Kenako anakhala pambali ndi kamtengo m'manja.

Nkhuku zinabwera. Luwiza anazipirikitsa. Zinabweranso. Anazipirikitsanso. Tambala wofiira, wakuba wodziwika pakhomopo, anazembera kumbuyo. Anaba njere imodzi n'kuthawa nayo. Luwiza anamulonjeza kuti aonana pa Khirisimasi.

Dzuwa linakwera. Linawala kwambiri. Luwiza anatembenuza mtedza ndi dzanja. Anayang'ana kumsewu. Kunalibe munthu. Anatembenuzanso mtedza. Anayang'ananso kumsewu.

Luwiza ankawakonda malume ake. Masiku onse ankafuna kuti afike msanga. Koma lero ankapempha mumtima kuti achedwe.

Amayi anamuitana kuti adye phala. Luwiza anadyera pomwepo, pamphasa. Thukuta linali kamukamu. Sanasunthe.

Dzuwa litafika pamutu, belu la njinga linalira kumsewu. Inali njinga ya kabaza. Kumbuyo kwake kunali a Pius, ndi chikwama pamiyendo.

Amayi anawalandira chikwama achimwene awo. Bambo anawapatsa mpando. Anapatsana moni. Anafunsana za kunyumba. Anafunsana za ulendo. A Pius anamwa madzi. Anafotokoza za mzere wa mathiraki pa boda. Luwiza sanamve zonsezo. Maso ake anali pamtedza.

Kenako bambo anayamba nkhani ya tinjerwa. Anafotokoza za chidendene chawo. Anafotokoza za thobwa. Anafotokoza za makina amene anasweka dzulo. Anati alamu awo abwerere nato tinjerwato, akapatse ana ena.

A Pius anayang'ana Luwiza. Luwiza anatola njere imodzi pamphasa. Inali yotentha. Anailuma. Inasweka kuti khwa! Inali youma.

Anapita pamene panali bambo n'kugwada.

"Ababa, ndiloleni ndiyesenso kamodzi kokha," anatero.

Bambo anayang'ana amayi. Amayi anagwedeza mutu kuti inde. Bambo anavomera.

Luwiza anaika makina pakhonde. Anaika mbale pansi pa mipata. Anaika beseni kumunsi. Anatapa mtedza wouma ndi manja awiri. Anathira kumtunda. Anagwira chopukusira. Anapukusa pang'onopang'ono.

Gu, gu, gu!

Mtedza unayenda. Njere yofota inagwera m'mbale. Njere yonenepa inagubuduka mpaka m'beseni. Ina inatsatira. Inanso inatsatira.

Gu, gu, gu! Zofota m'mbale. Zonenepa m'beseni. Gu, gu, gu! Zofota m'mbale. Zonenepa m'beseni.

Amayi anathira mtedza wina. Luwiza anapukusa. Amayi anathiranso. Luwiza anapukusabe. Makina sanaime. Chopukusira sichinazuke. Lichero lonse linatha.

Bambo anadzuka pampando. Ananjuta pafupi ndi beseni. Anapisa dzanja mumtedza. Anafufuza njere zofota. Anafufuza, anafufuza. Anapeza ziwiri zokha. Anapisanso m'mbale kufuna njere zonenepa. Sanapeze ngakhale imodzi.

Amayi anaimba nthungululu. A Pius anawomba m'manja. Anthu oyandikana nawo anasuzumira pampanda. Posachedwa pakhonde panadzaza. Aliyense ankafuna kuona makina a Luwiza.

Luwiza anasangalala kwambiri. Koma bambo anali asananene kanthu. Ndiye Luwiza anadikira.

A Pius ndi munthu wanthabwala. Anatsinzinira Luwiza diso. Ananyamula kandowa ka tinjerwa totsala. Anachita ngati akukaika m'chikwama.

"Alamu, ndiye ndinyamule ndi makinawa?" anafunsa.

"Siyani pomwepo, alamu," anatero bambo msangamsanga. "Ndowa ya mbewu sinathe."

Anthu onse anaseka. Bambo anakanda m'mutu. Anatsokomola pang'ono. Kenako anafunsa a Pius motsitsa mawu ngati ku Chipata kunatsala tinjerwa tina. Anati akakatipeza, abweretse kandowa kenanso. Pajatu pakhomopo panalinso nyemba zosasankha.

Luwiza anamva. Analumpha n'kukumbatira bambo ake m'khosi. Tinjerwa take sitinali kupitanso kwina.

Bambo anakhala pamphasa, pafupi ndi makina. Anapempha kuti nawonso ayese. Anagwira chopukusira ndi zala zawo zazikulu zolimira. Amayi anathira mtedza. A Pius anagwira beseni. Bambo anapukusa ngati akupalasa njinga pamtunda. Mtedza unadumpha n'kugwera kunja.

"Ababa, mukufulumira," anatero Luwiza. "Pang'onopang'ono."

Anaika dzanja lake pamwamba pa dzanja la bambo. Anapukusa limodzi. Gu, gu, gu! Zofota m'mbale. Zonenepa m'beseni.

"Chonchi, amisiri?" anafunsa bambo.

"Chonchotu, ababa," anatero Luwiza. "Mwayamba kudziwa."